Wothawa ndi Mbuye Wake: Tiwaphunzitse Bwanji Ana a ku Bwanje za Ukapolo?

Bungwe la African Union linapatula chaka cha 2025 kuti chikhale chokambirana za chilungamo ndi chipukuta misozi kwa anthu a mu Africa chifukwa cha ukapolo ndi utsamunda. Atsogoleri analankhula ku Addis Ababa akuloza chala kutsidya kwa nyanja zamchere, ndipo sitikuwatsutsa, pakuti mlandu suola. Koma ife okhala kunsi kwa mapiri a Dedza, kuyambira ku Golomoti, kudzera pa Mua mpaka ku Mtakataka, nkhaniyi ikutipeza ndi funso limene silingayankhidwe ku Addis Ababa. Ana athu a zaka 12 mpaka 15, a m'makalasi omalizira a pulayimale ndi oyambirira a sekondale, amaphunzira mutu wa malonda a akapolo. Kodi tikuwauza zotani za munthu amene anathawa? Nanga n'koyenera kuwauzanso zimene ankaganiza munthu amene anamugula?

Tiyambe ndi zimene mwana amatuluka nazo m'kalasi. Mukamufunsa, adzakuuzani mosadodoma kuti ku Nkhotakota kunali Jumbe, kuti ku Karonga kunali Mlozi amene ananyongedwa m'chaka cha 1895, kuti David Livingstone anafika pa nyanja yathu m'chaka cha 1859, ndi kuti Harry Johnston anathetsa malondawo ndi mfuti. Adzakuwerengerani zifukwa ndi zotsatira zake monga momwe mayeso amafunira, ndipo zonsezo adzazinena m'Chingerezi. Zimenezi si zabodza. Koma m'nkhani yonseyo kapolo mwini wake saoneka, kupatula pa chithunzi chija cha anthu ondondozana, goli lili m'khosi. Alibe dzina, alibe mudzi, salankhula, ndipo sathawa. Amangodikira kuti mzungu adzamumasule. Wogula naye ndi mlendo wa mkanjo, wochokera kutali, wa nkhanza zosafanana ndi za munthu aliyense amene mwanayo akumudziwa. Mwana amatseka kope lake akuganiza kuti ukapolo unali ngati dzombe, limene linachokera kwina, n'kudya mbewu zathu, n'kupita.

Maganizo athu ndi akuti zonena za mwini kapolo ziphunzitsidwe ndithu, koma ziphunzitsidwe ngati mawu a munthu woimbidwa mlandu pa bwalo, ndipo mboni yaikulu pa bwalolo ikhale munthu amene anathawa.

Chigwa chathu chinali njira

Chigwa cha Bwanje ndi gombe la kuno sizinali pambali pa nkhaniyi. Pafupi ndi Mtakataka pali Mankhamba, pamene panali likulu la Kalonga wa Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, atakumba pamalopo anapeza mikanda ya galasi, zidutswa za mbale zochokera ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu, umboni wakuti makolo athu ankachita malonda ndi anthu a kunyanja yamchere zaka mazana angapo Livingstone asanabadwe. Njira zinalipo kale. Chimene chinasintha m'zaka za m'ma 1800 ndi katundu woyenda m'njiramo. Mfumu ya ku Oman, Seyyid Said, itasamutsira likulu lake ku Zanzibar cha m'ma 1840, minda ya zonunkhiritsa ya pa chilumbacho inafuna manja ambiri, ndipo minda ya nzimbe ya Afalansa pa zilumba za m'nyanja ya India inafunanso chimodzimodzi. Kazembe wa Britain ku Zanzibar anauza Livingstone kuti anthu 19,000 ochokera m'dera la nyanja yathu ankadutsa pa nyumba ya msonkho ya kumeneko chaka chilichonse. Ofera m'njira sali m'chiwerengero chimenecho.

Amene ankasonkhanitsa anthuwo kuno sanali Aluya okha. Mafumu a Chiyao monga Mponda, pamene Shire amatulukira m'nyanja, Makanjira kutsidya, Pemba ndi Tambala chakumpoto kwathu, anakula mphamvu ndi malonda amenewa. Mbiri ya makolo imati Kalonga Sosola anaphedwa m'zaka za m'ma 1860 pa nkhondo ndi Ayao, ndipo ulemerero wa Mankhamba unathera pomwepo. Angoni a Maseko, atakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, ankatsika m'mapiri kudzagwira anthu. Ambiri ankawalowetsa m'midzi ndi m'magulu awo ankhondo, ena ankawagulitsa. Nkhondo ya pachiweniweni ya pakati pa Gomani ndi Kachindamoto ndiyo inatsitsira Kachindamoto ndi anthu ake ku Mtakataka m'zaka za m'ma 1890. Ndipo tisadzinamize, nyakwawa za Achewa nazonso zinkapereka anthu posinthana ndi nsalu ndi onga. Anthu 84 amene Livingstone ndi anzake anawamasula kwa Mbame, kufupi ndi pamene pali Blantyre lero, m'chaka cha 1861, ankapita nawo ku Tete, m'manja mwa Apwitikizi, anthu odzitcha akhristu.

Abambo Oyera anafika pa Mua m'chaka cha 1902, patangopita zaka 6 kuchokera pamene asilikali a boma la atsamunda anagwetsa malinga omaliza a m'chigawo chino. Anthu oyamba kukhala pansi kumva katekisimu pa Mua, ndi pa Mtakataka kuyambira 1908, anali anthu amene anaona zonsezi ndi maso awo. Ena anagwidwapo, ena anagwira anzawo, ena anagula, ena anakulira m'mapanga ndi m'nsonga za mapiri pobisala. Anakwatirana, nabereka ana. Lero zidzukulu za zidzukulu zawo zikukhala pa benchi imodzi, kubwerekana cholembera. Mphunzitsi akamatsegula mutu uwu pa Golomoti sakunena za anthu akutali. Akunena za makolo a ana onse amene ali patsogolo pake, ndi makolo ake omwe.

N'chifukwa chake tiyenera kukana msanga bodza losavuta lija lakuti mtundu wakutiwakuti ndiwo unali wogulitsa, ndipo wina ndiwo unali wogulitsidwa. Chuma, amene anadzanyamula mtembo wa Livingstone mpaka ku Bagamoyo, anali mnyamata wa Chiyao amene anamasulidwa kwa ogula anthu m'chaka chomwecho cha 1861. Mwana wa Chisilamu wa kugombe asatuluke m'kalasi atasenza mlandu wa Makanjira, monga momwe mwana wa Chikatolika sangasenzere mlandu wa Apwitikizi a ku Tete.

Zimene mwini kapolo ankadziuza

Alipo makolo ndi aphunzitsi amene amati: titayirenji nthawi pa maganizo a munthu woipa? Mantha awo ndi omveka, ndipo zimene zachitika ku America zikuwaikira umboni. M'chaka cha 2018, pa sukulu ina mu mzinda wa San Antonio, ana a msinkhu wa Sitandade 8 anapatsidwa ntchito yolemba ubwino wa ukapolo mbali imodzi ya pepala ndi kuipa kwake mbali inayo. Makolo anakwiya, sukulu inapepesa. M'chaka cha 2023 akuluakulu a maphunziro m'chigawo cha Florida anavomereza ndondomeko yonena kuti ana a msinkhu womwewu aphunzitsidwe kuti akapolo ena anaphunzira maluso amene anawapindulira, ndipo dziko lonselo linakangana. Cholakwa pamenepo sikunali kutchula maganizo a eni akapolo, koma kuwaika pa sikelo ngati kuti nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri zolemera mofanana, n'kumusiya mwana asankhepo. Pa bwalo la mfumu, wakuba mbuzi amapatsidwa mpata wolankhula, ndipo anthu amatchera khutu, chifukwa m'mawu akewo ndimo muli njira imene anabera. Palibe amene amati kumumvera n'kumuvomereza.

Tsono mwini kapolo wa kuno ankati chiyani? Mfumu inkati: ndikapanda kugula mfuti ndi onga, mnzanga wa kutsidya kwa mtsinje agula, ndipo mawa ogulitsidwa akhala anthu anga, wamalonda salandira mapira, akufuna minyanga kapena anthu. Mwini mbumba ankati: mbale wathu wapalamula mlandu wa imfa, tilibe cholipira, tipereke mtsikana uyu akhale chikole, tidzamuombola zinthu zikadzayenda. Kawirikawiri tsiku lomuombolalo silinkafika. M'chaka cha njala, monga ija inasakaza chigwa cha Shire mu 1862 ndi 1863, kholo linkati: kuli bwino mwana mmodzi apite kwa eni nkhokwe kusiyana n'kuti tife tonse.

Pali chifukwa china chimene sichitchulidwa kawirikawiri, chikhalirecho ndicho chimafotokoza bwino chifukwa chake adzakazi ankafunidwa kwambiri m'midzi muno. Pa mwambo wa Achewa ndi Ayao, ana ndi a kuchikazi. Mkamwini amabereka, koma mwini wa anawo ndi malume awo, ndipo ukwati ukatha iye amanyamula mkeka wake n'kubwerera kwawo yekha. Mdzakazi analibe mlongo woti adzaitanitse ana. Ana ake ankakhala a mwamunayo, osachoka pamudzi, opanda kwina kokadandaula. Munthu wofuna kukuza mudzi wake ndi dzina lake ankaona kuti njira yachidule ndi imeneyi, ndipo mukanamufunsa akanakuyankhani nkhope ili gwa: uyu si kapolo, ndi mkazi wanga, awa ndi ana anga, nsima imene ndimadya ine ndi yomwe amadya iwo.

Mawu amenewa ndiwo ana athu ayenera kuwamva ndi kuwapanikiza ndi mafunso, chifukwa ndi okoma m'khutu. Ngati anali mwana wa pakhomo, bwanji mlandu ukagwa iye ndiye ankayamba kuperekedwa? Bwanji wamalonda akafika ndi nsalu maso onse ankagwera pa iye? Bwanji m'madera ena mfumu ikamwalira iye ndiye ankaikidwa nayo m'manda? Ngati ankakhala bwino chotero, goli ndi chingwe zinali za chiyani? Mwana wa zaka 13 angathe kupeza mafunso amenewa payekha akapatsidwa mpata. Ndipo akatero wazindikira kuti anthu amene anachita zimenezi sanali ndi nyanga kapena mchira. Anali anthu aulemu wawo, okonda ana awo, odziwa kuweruza milandu, amene anali ndi zifukwa zomveka kwa anzawo onse kupatula kwa munthu womangidwayo.

Wothawa ankathawira kuti?

Vuto la mphunzitsi ndi lakuti olemera ndi alendo ndiwo anasiya mawu, pamene wothawa anasiya mapazi okha, mvula n'kufafaniza. Ku America eni akapolo ankalengeza m'nyuzipepala munthu wawo akathawa, ndipo sukulu ya ukachenjede ya Cornell yasonkhanitsa zidziwitso zoterezi zikwizikwi. Aphunzitsi anzeru kumeneko amawerengetsa ana zidziwitsozo mozitembenuza: wolemba ndi mbuye, koma potchula zipsera za pamsana, luso la wothawayo ndi kumene kuli mkazi wake, amadziulula yekha, ndipo amaulula chimene chinathawitsa munthuyo. Kuno kunalibe nyuzipepala. Tili ndi zolemba za tsiku ndi tsiku za amishonale, zokamba za agogo, ndi dziko lenilenilo, limene likadali pomwe linali.

Mphunzitsi atulutse ana panja, awaonetse. Kumadzulo kuli chikweza cha mapiri a Dedza, chimene ngakhale galimoto imakwera ikulira pa msewu wa Khwekhwelere. Kum'mawa kuli nyanja, bango, ng'ona ndi mvuu. Pakati pali chigwa chimene m'dzinja chimasanduka matope okhaokha. Kenaka awafunse: mayi wa mwana kumbuyo, wosadziwa chilankhulo cha kuno, akadzuka usiku kuti athawe, alowera kuti? Kwawo mwina kunatenthedwa kale. Munthu woyenda yekha wopanda mbale anali ngati nkhuku yosokera, womutola ndiye mwini wake. Kotero kuthawa nthawi zambiri kunali kusankha mbuye wina, womveka kuti ndi wachifundo, kapena wamphamvu zoti mbuye woyamba sangalimbe mtima kukaitanitsa munthu wake. Ana akamvetsa zimenezi adzaleka kufunsa monyoza kuti nanga osangothawa bwanji. Adzaona kuti wotsala sanatsale chifukwa chovomera, ndi kuti wothawa, podziwa zonse zinali kutsogoloko, anaonabe kuti n'zopepuka kusiyana ndi chisamaliro cha mbuye wake. Yankho la mawu okoma aja ndi limeneli.

Mamishoni atayamba kutsegulidwa, othawa anapeza khomo latsopano logogoda. Amishonale a ku Scotland anakhazikika ku Cape Maclear, kutsidya kwa madzi athu omwewa, m'chaka cha 1875, ndi ku Blantyre mu 1876, ndipo posakhalitsa anapezeka pa mphambano. Kumulandira wothawa kunali kuputa nkhondo ndi mfumu yoyandikana nayo, komanso kusanduka boma loweruza ndi kulanga anthu. Ku Blantyre zimenezi zinafika poipa, anthu anakwapulidwa mwankhanza, mpaka mpingo wa ku Scotland unachotsa atsogoleri a mishoniyo m'chaka cha 1881. Kumubweza kunali kumupereka ku chikoti, mwinanso ku imfa. Abambo Oyera oyamba kufika m'dziko muno, amene anakhala kwa Mponda kuyambira kumapeto kwa 1889 mpaka pakati pa 1891, anali alendo a mfumu yogulitsa anthu. Ankaphunzitsa ana ndi kuchiza odwala, magulu a akapolo akudutsa, iwo alibe mphamvu yowaimitsa. Apatseni ana funso ili: mukanakhala inu pa chipata cha mishoni, munthu akugogoda usiku, ankhondo a mbuye wake ali m'njira, ndipo m'kati mwa mpanda muli ana ena 30 oti muwateteze, mukanatani? Limeneli ndilo funso loyenera mtsutso wa m'kalasi, osati lija la ubwino wa ukapolo.

Kankhani kena kakang'ono katithandize kuona ufulu monga momwe ankauonera eni ake. Wekotani, mnyamata amene anamasulidwa nthawi imodzi ndi Chuma, anaphunzitsidwa ku Bombay ndipo anatsagana ndi Livingstone pa ulendo wa 1866. Atafika kwa Mponda anati wapeza abale ake, natsazika, n'kutsalira komweko. Kwa iye kumasuka sikunali kutsata womumasula moyo wake wonse. Kunali kukhalanso munthu wa abale.

Mawu a ogwidwawo sanatayike onse. Petro Kilekwa anabadwira kufupi ndi nyanja ya Bangweulu, m'dziko la Zambia lero. Anagwidwa ali mwana, ndipo mayi ake analephera kupeza mayadi 8 a nsalu amene ogwirawo ankafuna kuti amubweze. Mwana aliyense wa Sitandade 7 angathe kuwerengera kuti zimenezo ndi zitenje 4 za pa msika wa Golomoti. Chombo chimene chinamunyamula chinagwidwa ndi asilikali a pamadzi a Britain, ndipo iye anatsitsidwa ku Muscat. Pambuyo pake anaphunzira ku Zanzibar, nabwera kudzaphunzitsa m'mbali mwa nyanja yathu, nadzozedwa unsembe mu mpingo wa Anglican m'chaka cha 1917. Mbiri ya moyo wake anailemba m'Chinyanja, ndipo inasindikizidwa m'Chingerezi mu 1937 ndi mutu wakuti Slave Boy to Priest. Makatekisiti nawo ali ndi mnzawo woti amudziwe, Adrien Atiman, amene anagwidwa ali mwana chakufupi ndi Timbuktu, naomboledwa ndi Abambo Oyera ku Algeria, n'kudzakhala katekisiti ndi dotolo ku Karema, pa nyanja ya Tanganyika, kuyambira 1889 mpaka imfa yake mu 1956.

Eklezia nayo ili m'nkhaniyi

Ana akafunsa kuti Mpingo unali mbali iti, tiwauze zonse. N'zoona kuti Papa Gregory XVI anadzudzula malonda a akapolo m'chaka cha 1839, ndi kuti Kadinala Charles Lavigerie, amene anayambitsa chipani cha Abambo Oyera, anazungulira mizinda ya ku Ulaya mu 1888 akulalika motsutsa malondawa. N'zoonanso kuti Papa Nicholas V, m'chaka cha 1452, anapatsa mfumu ya Portugal chilolezo chosandutsa akapolo anthu osakhala akhristu amene ingawagonjetse. Kuti m'chigwa cha Zambezi nyumba zina za ansembe zinali ndi minda yolimidwa ndi akapolo. Ndi kuti mu 1838 Ajezuwiti a ku America anagulitsa anthu 272 pofuna kubweza ngongole za sukulu yawo ya Georgetown. Papa Yohane Paulo II anapempha chikhululukiro pa chilumba cha Gorée, ku Senegal, m'chaka cha 1992. Ngati iye sanabise, katekisiti wa pa Mua abisirenji? Mwana amene wauzidwa theka lokha adzalipeza theka linalo pa foni, ndipo tsikulo adzakayika ndi zoona zomwe tinamuuza.

Ndipotu phunziro la wothawa ndi mbuye wake lili kale m'manja mwa katekisiti aliyense. Kalata yaifupi kwambiri ya Paulo Woyera, ya ndime 25 zokha, inalembedwa kwa mwini kapolo, Filemoni, mkhristu wolemekezeka amene mpingo unkasonkhana m'nyumba mwake, ndipo ikunena za Onesimo, kapolo amene anachoka kwa iye. Paulo akumubweza, koma akupempha kuti akalandiridwe ngati mbale. Eni akapolo a ku America ankaigwiritsa ntchito kalatayi poikira kumbuyo lamulo la 1850 lobweza othawa, ndipo otsutsana nawo ankayankha ndi mutu 23 wa Deuteronomo, pamene Aisraele akuletsedwa kupereka kapolo wothawira kwa iwo. Werengani kalatayi ndi ana a kalasi ya ulimbitso, kenaka muwafunse kuti ndani sakulankhula m'menemo. Adzaona okha kuti ndi Onesimo. Afunseni kuti ankaganiza chiyani m'njira yonse yobwerera, kalata ili m'manja, osadziwa kuti mbuye wake akaiwerenga ndi mtima wotani.

Pali zinthu ziwiri zimene tikupempha aphunzitsi ndi makatekisiti kuti asachite. Timakonda masewero, ndipo m'miphakati ndi m'sukulu zathu sewero limaphunzitsa bwino. Koma sewero lomanga ana zingwe m'khosi, ena akuwakwapula, ena akunenerera mtengo, limatha ndi kuseka, ndipo mwana amene anasewera kapolo amatsala ndi dzinalo mpaka kutseka kwa sukulu. Chachiwiri n'choopsa kuposa apa: kutuma ana kuti akafunse kunyumba kuti m'mudzi muno mbumba ya akapolo ndi iti. Akuluakulu amadziwa, ndipo anasankha kusanena, chifukwa mawu amenewo akatuluka amakathera pa mkangano wa munda ndi wa ufumu. Mawu akuti kapolo akadali chitonzo pakati pathu. Mwana afunse agogo ake za kumene anthu ankabisala, za malinga, za njala, za njira zimene amalonda ankadzera. Asafunse maina a mabanja. Ndipo auzidwe poyera kuti manyazi a ukapolo si a wogwidwa. Olemba mbiri ambiri amati mayi a John Chilembwe, amene nkhope yake ili pa ndalama zathu, anali mkazi wogwidwa pa nkhondo. Ulendo wa ku nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare pa Mua, kumene mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao ili pansi pa denga limodzi, ungachite zambiri kuposa sewero lililonse.

Zifukwa zija sizinafe

Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza, ndipo m'chaka cha 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu. Komabe mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anapulumutsidwa ku Oman, kumene anapita atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukalandidwa ziphaso, kutsekeredwa m'nyumba ndi kuzunzidwa. Mabwana awo ankati sangawamasule asanabwezeredwe ndalama zimene anawonongera. Likulu la Oman ndi Muscat, komwe kuja anatsitsidwa Kilekwa. Mu October 2022 mitembo pafupifupi 30 ya anthu oganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia inapezeka itakwiriridwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Mchitidwe wa utenanti m'minda ya fodya unathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 2021 chabe. Kuno kwathu, Inkosi Theresa Kachindamoto inatchuka pa dziko lonse chifukwa chothetsa maukwati a ana mazanamazana, umboni wakuti maukwatiwo analipo ochuluka chotero.

Sitikunena kuti ntchito iliyonse yowawa ndi ukapolo. Kutero n'kupeputsa zimene anaona a m'goli. Koma mvetserani zimene amanena munthu amene watenga mwana wa zaka 11 kukamuweta ng'ombe m'dambo la Bwanje, kapena kukamugwiritsa ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe, malipiro akulandira ndi ena. Amati: kwawo ankagona ndi njala, ndimamusunga ngati mwana wanga, makolo ake anavomera, ndinawononga ndalama zambiri pa iyeyu. Kholo lokwatitsa mtsikana wa Sitandade 6 limati ngongole yatipanikiza, ndipo mwamunayo ali ndi ngolo ndi ng'ombe. Mwana amene anaphunzira kupanikiza mawu a mwini mdzakazi adzawazindikira mawu amenewa msanga, ndipo adzadziwa funso loyenera: kodi munthuyu akafuna kuchoka, angachoke? Mwana amene anangophunzira za mlendo wa mkanjo sadzaona choopsa chilichonse mwa mayi wovala bwino, wolankhula Chichewa chokoma, amene wabwera ndi nkhani ya ntchito kunja.

Nalonso funso la pa chipata cha mishoni latibwerera. Mtsikana wothawa ukwati, kapena mbusa wa ng'ombe wothawa bwana wake, akafika pa nyumba ya katekisiti kapena kwa wapampando wa mphakati, kawirikawiri timafulumira kuitana mbali zonse kuti tiwayanjanitse, ndipo kuyanjanitsako kumathera pomubweza kumene wachokera. Lamulo la dziko lili mbali ya mwanayo: kuyambira 2017 malamulo aakulu salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, apolisi ndi a Chilungamo ndi Mtendere a pa parishi ndiwo oyenera kudziwitsidwa mwanayo asanasunthe.

Pa 8 February, tsiku la Josephine Bakhita Woyera, amene anagulitsidwa kangapo ku Sudan ndipo analengezedwa kukhala woyera m'chaka cha 2000, Eklezia yonse imapempherera ozembetsedwa. Tsiku limenelo sukulu za Katolika ndi makalasi a katekisimu a m'maparishi a kunyanja kuno angathe kulipatula kuti mutu uwu ukambidwe m'Chichewa, ndi m'Chiyao pamene pakufunika, osati m'Chingerezi cha mayeso chokha. Chofunika ndi zowerenga. Tikupempha nthambi ya maphunziro ya Dayosizi ya Dedza, pamodzi ndi a Kungoni pa Mua ndi okonza maphunziro a ku Malawi Institute of Education ku Domasi, kuti atenge buku la Bambo Kilekwa, asankhemo masamba ochepa onena za kugwidwa kwake ndi za nsalu ija, awabwezere m'chilankhulo chimene mwini wake analembera, n'kuwatumiza ku sukulu ndi ku matchalitchi ang'onoang'ono February asanafike.